Kukonza nkhani za pa Wikipedia ngati asayimenti: mmene ndimawayendetsera ana anga kuno ku Lusaka

Temu yapitayi ndinatopa nawo ma esee. Mwana alemba mapeji asanu, ine ndiwerenga ndekha usiku ndi tochi ya pa foni magetsi atapita, ndiika malikisi, kenako pepala lija likathera kwa amayi a vitumbuwa pa geti. Ndiye ndinati ayi, ulendo uno aliyense atenge nkhani imodzi ya pa Wikipedia yokhudza Zambia aikonze, zomwe walembazo zikawerengedwe ndi anthu enieni. Zinayamba moipa, ndisakunamizeni. Ena anathamangira kulemba nkhani zatsopano zonse nkukanidwa, ena anamata ndime zokopera zinachotsedwa tsiku lomwelo, mnyamata wina mpaka anandipeza pa khonde nkumati "ba sir, anthu aja atizonda ife". Sanatizonde ayi, tinangolowa m'munda mwa eni osadziwa kumene mizere yaloza.

Aphunzitsi anzanga angapo mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti pamapeto pake zinatheka bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi muziwerengera pano. Ine ndimaphunzitsa pa koleji ina, koma a ku sekondale makalasi akumapeto angathenso bola muwachepetsere katundu. Patulani masabata 6. Mukafuna kuzipanikiza m'masabata awiri mudzangokhalira kupepesa.

Yambani ndi manja anu

Musawatume ana kumene inu simunapondeko. Tsegulani akaunti yanu kalasi isanayambe mukonze tinthu ting'onoting'ono, sipelo yolakwika, chaka chosokonekera, linki yakufa. Cholinga nchakuti muzolowere zitseko zitatu zomwe zili pamwamba pa nkhani iliyonse. Edit ndi pokonzera. View history ndi kaundula wa aliyense amene anakhudzapo nkhaniyo chiyambire, pafupifupi palibe chimasowa mmenemo, mutha kuona mmene nkhani inalili zaka 10 zapitazo. Talk ndi pabwalo, pomwe akonzi amakambirana ndi kukangana. Ana ambiri sadziwa nkomwe kuti ziwiri zomalizazi ziliko, iwo Wikipedia amangoidziwa ngati kokopera homuweki.

Tsiku loyamba muwauzenso kuti kumeneku kulibe bwana wolembedwa ntchito yovomereza nkhani. Anaiyambitsa a Jimmy Wales ndi a Larry Sanger pa 15 January 2001, bungwe la Wikimedia Foundation limasamala makompyuta ndi ndalama, koma olemba, okonza ndi ofufuta ndi anthu odzipereka chabe, salipidwa. Mwana akamva zimenezi amasiya kumuona ngati mdani munthu amene wamubwezera ntchito.

Ma akaunti, ndi msampha womwe unandigwira

Aliyense akhale ndi yake. Akaunti yoti anthu asanu azilowa ndi pasiwedi imodzi ndi yoletsedwa, amaitseka. Dzina la sukulu kapena la kampani salolanso. Ine ndimawalangiza asaike dzina lawo lenileni, makamaka atsikana, chifukwa chilichonse chomwe walemba chimakhala poyera mpaka kalekale, asankhe dzina lopeka koma laulemu kenako andilembere pa pepala kuti wakuti ndi uyu.

Ine ndinalakwitsa apa. Ndinawasonkhanitsa onse mu labu kuti titsegule limodzi, 6 oyamba zinayenda, wotsatira kompyuta ikukana, wina nayenso ikukana, ola lonse linathera pamenepo tikunamizira netiweki. Kenako ndinadziwa kuti Wikipedia imalola ma akaunti atsopano 6 okha pa tsiku kuchokera pa IP imodzi (nambala yomwe netiweki yanu imadziwika nayo pa intaneti), ndipo labu yonse kwa iwo imaoneka ngati khomo limodzi. Choncho auzeni atsegulire kunyumba pa mafoni awo. Ena adzapeza uthenga woti IP yawo ndi yotsekedwa asanalakwe kanthu, zimachitika pa netiweki za foni chifukwa nambala imodzi amagawana anthu ambirimbiri, ayesere pa wifi kapena pa netiweki ina, zikakanikabe pali fomu yopemphera kuti akutsegulire akaunti. Ndipo asaiwale kuikapo imelo, apo ayi akaiwala pasiwedi akaunti yapita basi.

Chifukwa china chotsegulira msanga nchakuti pa Wikipedia ya Chingerezi akaunti imayamba kukhulupiriridwa ikakwanitsa masiku 4 ndi ma edit 10. Isanafike pamenepo siingakhudze nkhani zina zotetezedwa. Ndiye ntchito ya sabata yoyamba ikhale imeneyo, ma edit 10 ang'onoang'ono, ndipo muikepo timalikisi, ana athu mukuwadziwa, chopanda malikisi sachiona.

Inuyo lembetsani kalasi pa Programs & Events Dashboard, adiresi yake ndi outreachdashboard.wmflabs.org, ndi yaulere. Mupanga tsamba la kalasi, muwatumizira linki, aliyense akalowa mumaonera pamalo amodzi kuti wakuti wakonza chiyani ndipo liti. Palinso timaphunziro tachidule ta ongoyamba. Musasokoneze ndi ya Wiki Education, ija ndi ya makoleji a ku United States ndi Canada.

Kusankha nkhani

Lamulo langa ndi limodzi: palibe kuyambitsa nkhani yatsopano. Mukawasiya, aliyense afuna kulemba za tchalitchi chake, za timu ya mpira ya m'komboni mwawo, za msuweni wake woimba yemwe ali ndi nyimbo ziwiri pa YouTube. Wikipedia imafuna mutu woti unalembedwapo kale mozama ndi magwero angapo odalirika omwe sakugwirizana ndi mwini nkhani, ndipo msuweni uja sanafikepo. Kulemba za m'bale wako, sukulu yako kapena kuntchito kwako amakutenga kuti ukukondera usanalembe ndi liwu limodzi lomwe.

Sakani nkhani zomwe zilipo kale koma ndi zowonda, amazitcha stub, ziganizo zitatu kapena zinayi basi. Za kwathu kuno zoterezi zilipo zochuluka, maboma, mitsinje, misika, makomboni a mu Lusaka, miyambo. Pa tsamba la WikiProject Zambia pali tebulo losanja nkhani malinga ndi msinkhu wake, kuyambira Stub, Start, C, B mpaka GA ndi FA, zomwe ndi nkhani zolembedwa bwino koposa. Ana apatseni za Stub ndi Start. Zakumwambazo zili ndi ozilondera usana ndi usiku, mwana akangosuntha kachizindikiro kamodzi ka koma (,) popanda chifukwa abwezeredwa.

Musawalole kukhudza anthu amoyo, makamaka andale, chifukwa malamulo ake ndi okhwima, chinthu chopanda umboni amachichotsa nthawi yomweyo osafunsa. Zachipatala nazonso ayi, kumeneko safuna nyuzipepa, amafuna ma jenolo a zamankhwala ounikanso kafukufuku wambiri. Ndi nkhani zotentha monga za chisankho, mwana wongoyamba kumene angopsa nazo.

Ntchito yokoma kwa ongoyamba ndi kusaka zomwe zinatha nthawi. Mutha kupeza nkhani ya boma linalake ikadali ndi chiwerengero cha kalembera wa 2010 pomwe wa 2022 anachitika kale, uja anapeza kuti dziko lonse tilipo oposa 19.6 miliyoni. Kapena chiganizo chonena kuti zigawo za Zambia ndi 9 pomwe Muchinga inabwera mu 2011 nkukwana 10. Kapena ndalama zotchulidwa m'kwacha yakale osanena kuti mu January 2013 tinachotsa maziro atatu, munthu wakunja nkumadabwa kuti mlatho umenewu unadya mabiliyoni bwanji. Palinso timawu tija ta citation needed tomwe timakhala kumapeto kwa ziganizo zina, tikutanthauza kuti mfundoyi ilibe umboni, ndipo kalikonse ndi ntchito yodikira mwana wanu.

Ine ndimakonza ndandanda ndekha, nkhani 40 kwa ana 30, ndipo iliyonse ndimayamba ndaona kuti magwero ake angapezeke. Iwo asankhe mmenemo. Akasankha, asanalembe kanthu, awerenge nkhaniyo pamodzi ndi Talk ndi View history yake, andilembere theka la peji: chikusowa nchiyani, chakalamba nchiyani, ndi chiganizo chiti chomwe chilibe umboni.

Gwero poyamba, chiganizo pambuyo

Apa ndiye ndichedwepo chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Ana athu anazolowera kulemba kaye kenako kusaka buku loti aike kumapeto kuti zioneke ngati anawerenga. Pa Wikipedia zimayenda motembenuza, upeze gwero, uliwerenge, kenako ulembe zokhazo zomwe gwerolo lanena. Kwa ine mwana sakhudza Edit pa nkhani yake asanandionetse magwero atatu.

Odalirika ndi mabuku osindikizidwa ndi makampani odziwika, ma jenolo a zamaphunziro, nyuzipepa zokhala ndi akonzi monga Times of Zambia, Zambia Daily Mail kapena News Diggers, malipoti a Zambia Statistics Agency, masamba a UNESCO. Positi ya pa Facebook, voisi noti ya pa WhatsApp, TikTok, bulogu ya munthu, zonsezi ayi. Wikipedia yeniyeniyo siingakhalenso gwero, ndipo muchenjere ndi masamba omwe anakopera kwa iyo. Wina anandibweretsera tsamba akunyadira kuti likugwirizana ndendende ndi nkhani yake, titayang'anitsitsa mawu ake anali omwewo mpaka sipelo yolakwika yomwe. Kumeneko nkutunga madzi pa chitsime nkukawathiranso momwemo.

Ife a mu Lusaka tili ndi mwayi womwe anzathu a kumaboma alibe. Laibulale ya UNZA (University of Zambia) pa Great East Road ili ndi gawo la Special Collections momwe muli mabuku ndi ma thesis a za Zambia, ndipo ma thesis ambiri anawaika pa intaneti pa dspace.unza.zm. Dziwani chabe kuti a PhD amawalola mosamala, a masters kawirikawiri amawakana, koma ndandanda ya mabuku kumapeto kwa thesis ndi yomwe imakulozera kumene kuli zenizeni. Ku Ridgeway kuli National Archives of Zambia, kothandiza pa nyuzipepa zakale. Koma makalata ndi zolemba za ma DC a nthawi ya atsamunda musawalole ana kuzimasulira okha, Wikipedia imakana kafukufuku wako wekha, imafuna zomwe katswiri anaziunika kale nkuzisindikiza. Pa foni pali Google Books, Google Scholar, Internet Archive, ndipo JSTOR imalola kuwerenga nkhani zingapo mwaulere ukatsegula akaunti.

Kamalangizo kakang'ono koma kamapulumutsa ndalama ya basi: mwana akapeza buku ajambule zithunzi zitatu, chikuto, peji ya mkati yomwe ili ndi chaka, wosindikiza ndi ISBN (nambala yozindikiritsa bukulo), ndi peji yomwe pali mfundoyo nambala yake ikuoneka. Wina anachoka ku Kanyama mpaka ku UNZA kawiri chifukwa cha nambala ya peji basi.

Tsono pali nkhani ina yowawa yomwe mudzakumana nayo ndithu. Mtsikana wina wa kwathu ku Katete anatenga za miyambo ya Achewa. Iyeyu ku Mkaika wakhala akupita chaka ndi chaka mu August pa Kulamba, waona ndi maso mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique akubwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo agogo ake amadziwa zambiri kuposa buku lililonse lomwe ndinawerengapo. Analemba ndime yokoma kwambiri, mmawa mwake inali itachotsedwa, chifukwa chake mawu awiri chabe, palibe gwero.

Anabwera maso ali ofiira. "Ba sir, ndiye kuti agogo anga ndi abodza?"

"Iyayi mwanawe, agogo sananame. Koma munthu wa ku Nairobi kapena ku London sangakwere basi kupita ku Katete kukawafunsa. Iye akufuna chinthu choti atsegule aone yekha."

Ine pandekha lamuloli limandipweteka, chifukwa nzeru zathu zambiri zili pakamwa osati pa pepala, ndipo zotsatira zake nzakuti mzungu amene anakhala kumudzi miyezi itatu nkulemba buku amamveka kuposa gogo amene wakhala mmenemo zaka 80. Koma mukalichotsa lamuloli, aliyense alemba zake nkumati ndinamva kwa agogo. Ndiye tinachita chonchi: pa Wikipedia anaika zomwe zinalembedwa, mwachitsanzo zoti UNESCO inalengeza Gule Wamkulu ngati chuma cha chikhalidwe mu 2005 nkumulowetsa pa mndandanda wake mu 2008, m'dzina la maiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Za agogo ndinamuuza azilembe padera andipatse, ndinaziikira malikisi ake. Ndipo tinagwirizana kuti za kudambwe sizikhudzidwa, sikuti chilichonse chomwe ukudziwa nchoika pa intaneti.

Kulemba kwenikweni

Njira yanga ndi yachikale. Werenga ndime, tseka buku, umufotokozere mnzako m'Chinyanja zomwe wamva, kenako ulembe m'Chingerezi buku lili chitsekere. Ukalemba buku lili chotsegula dzanja limangokopera lokha. Ndipo kusintha mawu awiri atatu chiganizo nkukhala chomwecho, kumeneko nkukoperabe. Muwauze mosabisa kuti kumeneku kuli makina ofananitsa zomwe zangolembedwa ndi zomwe zili kale pa intaneti, akapeza zokopera amazichotsa mpaka kuzibisa mu history, ndipo wobwereza amamutsekera akaunti. Inuyo muli ndi chida chaulere chotchedwa Earwig's Copyvio Detector, mungoikamo dzina la tsamba chikuonetsani ziganizo zofanana ndi za kwina.

Za ChatGPT ndi anzake musachite ngati kulibe, ana akuzigwiritsa ntchito. Vuto lake lalikulu pa ntchito iyi nlakuti amapeka magwero, mutu wa buku wokoma, dzina la mlembi, chaka, mpaka peji, koma bukulo kulibe. Mankhwala ake ndi zithunzi zitatu zija. Ndionetse peji. Akayamba kukanda m'mutu mwadziwa kale.

Kenako mawu. Ana athu amalemba ngati akuyamikira mlendo wolemekezeka pa msonkhano. Wina polemba za Chilenje House 394 anayamba ndi zonga izi, malo odabwitsa ndi onyaditsa omwe mwana aliyense wa Zambia ayenera kukaona. Ndinamufunsa kuti mwa zonsezi ndi chiti chomwe ungaloze m'buku. Tinatsala ndi ichi: ndi nyumba yomwe a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira January 1960 mpaka December 1962, ndipo pano ndi chipilala cha dziko. Chouma, inde, koma palibe angachichotse. Mawu monga wotchuka, wamkulu koposa, mwatsoka, ine ndikuona kuti, onsewa atuluke. Maudindo aulemu kutsogolo kwa dzina nawonso saika, ngakhale ife zimatiwawa kumutchula munthu wamkulu ndi dzina lokha. Posachedwapa ndi chaka chatha ayi, aike chaka chenicheni, chifukwa nkhaniyo idzawerengedwa mu 2035. Magwero awiri akasemphana, mwana asasankhe lomwe lamusangalatsa, anene kuti wakuti akuti chakuti pomwe wakuti akuti chakuti.

Musawapemphe zambiri. Mawu 300 mpaka 500 okhala ndi umboni ndi okwanira.

Zonsezi azilembera mu sandbox, tsamba loyeserera lomwe akaunti iliyonse ili nalo. Akalisowa pa foni alembe User: kenako dzina lake kenako /sandbox m'bokosi losakira. Agwiritse ntchito Visual editing, imaoneka ngati Word, asavutike ndi zizindikiro za source. Kuika gwero nkosavuta: aike kesa, kamzere kophethira kaja, kumapeto kwa chiganizo, adine Cite, pa Automatic amatepo linki, ISBN kapena DOI (nambala ya nkhani ya mu jenolo), makina adzaza okha. Koma aonenso, nthawi zina dzina la mlembi kapena deti zimasokonekera. Nyuzipepa ya pepala kapena buku lopanda ISBN adzaze yekha pa Manual, gwero silichita kukhala pa intaneti kuti liloledwe. Pa foni zinthu zikamabisala, pansi penipeni pa tsamba pali mawu oti Desktop, adine pamenepo.

Sabata yachinayi asinthane ma sandbox awiriawiri. Wowerenga ali ndi ntchito imodzi, kutsegula gwero lililonse nkuona ngati likunenadi zomwe mnzake walemba.

Kuika pa nkhani yeniyeni

Pang'onopang'ono, ndime imodzi kenako Publish changes, mawa ina. Asafufute nkhani yonse nkumatapo yake, kumeneko nkugwetsa nyumba ya eni kuti umange yako. Nthawi iliyonse alembe m'kabokosi ka edit summary zomwe wachita, ngakhale mawu asanu, monga kuti ndasintha chiwerengero kuchoka pa kalembera wa 2010 kupita pa wa 2022. Edit yaikulu yochokera kwa akaunti yatsopano yopanda summary imaoneka ngati ya wowononga. Pa tsamba lake la User alembepo chiganizo chimodzi choti ndi wophunzira ndipo akuchita asayimenti, akonzi ambiri amafewa akaona zimenezo.

Tsiku lotsekera musaliike kumapeto kwenikweni kwa temu. Muliike sabata yachisanu kuti patsale sabata yoyankha mafunso a akonzi. Ndipo mukudziwa za magetsi kuno, onse akadikira usiku womaliza theka la kalasi lidzakhala mu mdima mafoni atazima, ndiye muwauze azisunga zolemba zawo mu sandbox kawirikawiri osati kusiya tsamba lili chotsegula maola atatu.

Akabwezeredwa

Zidzachitika, ndipo muwauziretu kuti asadzadzidzimuke. Choyamba asabwezeretse. Apite pa View history awerenge chifukwa chomwe mkonziyo walemba. Ntchito yake sinatayike, ili momwemo mu history. Ngati chifukwa chikumveka akonze nkuyesanso. Ngati sichikumveka apite pa Talk ya nkhaniyo afunse mwaulemu, atchule gwero lake ndi peji, asayine ndi tizizindikiro tinayi iti ~~~~ tomwe timasanduka dzina lake ndi nthawi. Pali lamulo loti munthu asabweze zoposa katatu pa nkhani imodzi m'maola 24, wopyola amatsekeredwa, ndipo anzake a m'kalasi asabwere kudzamuthandiza kubweza chifukwa amazindikira nkuwatsekera onse. Kwa ongoyamba kuli Teahouse, malo ofunsira komwe amayankha mofatsa ngakhale funso looneka lopusa.

Zithunzi ndinene mwachidule. Cha pa Google kapena pa Facebook ayi, chili ndi mwini. Chomwe wajambula yekha ndi foni yake aike pa Wikimedia Commons, koma adziwe kuti akupereka chilolezo choti aliyense achigwiritse ntchito, ngakhale pa malonda, bola atchule wojambula. Msika, mlatho, mseu, chakudya, zonsezi zikusowa zithunzi zabwino. Nkhope za anthu apemphe kaye, ndipo ku nyumba za boma ndi za asilikali asayerekeze kutulutsa foni.

Nanga ya m'chinenero chathu?

Ilipo, ny.wikipedia.org, koma ndi yowonda zomvetsa chisoni, nkhani zake zangopitirira pang'ono 1,000 pomwe ya Chingerezi ili ndi zoposa 7 miliyoni. Kwa mwana amene Chingerezi chimamupinga koma Chichewa amachilemba bwino, kumeneku ntchito yake imaoneka msanga. Pali chida cha Content Translation chomwe chimaika nkhani ya Chingerezi kumanzere iwe nkumamasulira kumanja, magwero nkumasamuka okha. Muwaletse chabe kusiya zomwe makina amasulira osazikonza, zimatuluka Chichewa choti agogo aja a ku Katete sangamve ndi chiganizo chimodzi chomwe. Mudzakumananso ndi mkangano wa kalembedwe, ife ku sukulu za kuno tinaphunzira kulemba Cinyanja ndi c pomwe anzathu a ku Malawi amalemba ch. Ine ndimangoti tsatira mmene nkhaniyo inayambira, usasakanize. Kuipa kwake nkwakuti akonzi kumeneko ndi ochepa, cholakwika chitha kukhala zaka osachiona munthu, ndiye woyang'anira ndinu aphunzitsi.

Malikisi

Musapereke malikisi potengera kuti ntchito yakhalabe pa tsamba kapena ayi. Mwana atha kulemba bwino nkukumana ndi mkonzi wouma mutu, wina nkulemba zopanda pake pa nkhani yomwe palibe amaiyang'ana nkukhalapo. Musawerengenso mawu, mukatero adzaza tsamba ndi madeya. Ine ndimagawa chonchi pa 100: ma edit oyamba aja ndi kuunika nkhani 15, magwero 35, zolemba za mu sandbox 25, kuwerenga ntchito ya mnzake 10, ndi 15 ya peji imodzi yofotokoza zomwe zinachitika ataika ntchito yake ndi mmene anayankhira. Mwana aliyense anditumizire linki ya diff, tsamba lija losonyeza zakale mbali ina zatsopano mbali ina, amalipeza pa View history. Sikirinishoti sindilandira.

Tsiku lomaliza tsegulani View history ya nkhani zingapo mudine Pageviews, aone okha kuti pa mwezi anthu angati amawerenga tsamba lomwe akonza. Muwakumbutsenso kudina kanyenyezi kali pamwamba pa nkhani kuti izilowa mu watchlist yawo, azidziwa wina akasinthapo.

Mtsikana wa ku Katete uja anandilembera patatha mwezi temu itatsekedwa, usiku cha m'ma 22. Munthu wina wosamudziwa anali atadina thank pa edit yake ya Gule Wamkulu, uthenga nkumufikira pa foni. Pansi pake analemba kuti "ba sir, iyi siingawonjezereko ka 5?" Ndinamuuza kuti malikisi ndinapereka kale ku ofesi.